Ndere za pa Damu la Esiteti

Dziwenji wabwera Lachisanu pa matola,
chikwama kumsana, timabotolo tisanu ndi kamodzi,
ndipo asanalonjere bwino anthu a pakhomo
wafunsa ngati damu la esiteti likadalipo.

Lilipo. Laphwa m'mbali ngati nkhama za nkhalamba,
pakati pokha ndi pomwe patsala madzi,
nawonso afunda bulangete lobiriwira
lomwe ng'ombe zimangonunkhiza n'kubwerera.

Mwana wangayu anali asanaonepo nyanja ya mchere
kufikira chaka chatha. Lero ndiyo ntchito yake:
kutunga madzi a eni, kuika dontho pa kagalasi,
n'kuyang'anitsitsa mpaka maso psuu.

Akuti, Ababa, ndere sizikhala zokha.
Pakhungu pake pamakhala mabakiteriya,
tizilombo toti chikwi n'kukwana pansonga ya singano.
Ndere ziphika shuga ndi dzuwa, n'kugawirako kachilombo;
kachilombo kabweza mavitamini,
kapirikitsa adani, kalondera usiku.
Palibe wasaina pepala.

Ndati, nanga si utenanti umenewo?
Waseka, matope ali m'maondo.

Akuti, dikirani. Ndere zikayamba kukalamba
zimatulutsa kafungo, kochepa zedi,
ndipo kachilombo kakangokamva
m'kati mwake mumatseguka tsamba lina
lomwe linali lopinda chibadwire.
Pamenepo kayamba kufulula chiphe.
Kapha mwini nyumba, kadya, kasamuka.

Wakatuma ndani?
Akuti majini.
Ndadzidzimuka, poganiza aja amagwetsa anthu ku mapemphero.
Iyayi, akuti, awa ndi malemba a m'thupi.
Mzere wa kudyetsa ndi mzere wa kupha
inagona moyandikana pa ulusi umodzi.

Sindinayankhe. Ndaponya maso kumtunda
komwe kunali zigafa khumi ndi ziwiri.
Zatsala nsanamira, chiswe chikumalizitsa.

Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi
ndinasoka fodya wa a Msakambewa.
Ndowa ya chimanga, mchere, sopo wa mtanda,
zonse m'kabuku kofiira kaja.
Koma Dziwenji atadwala chikuku
ndi iwo anadzutsa thirakitala pakati pa usiku
mpaka ku chipatala ku Mtunthama,
dizilo wake osamulemba m'kabuku.
Nanenso moto utalusa pa chigafa chachitatu
ndinalowa ndi chiguduli chonyowa.
Chipsera ndi ichi, tsitsi silimerapo.

Chaka chomwe anagwa sitiroko,
pakamwa pokhota, supuni ikuwapulumuka,
ana awo ali ku Lilongwe kulimbirana makiyi,
ndinamva kafungo.
Tonse tinakamva.
Mabelo anayamba kumera miyendo mdima ukagwa,
pa njinga zopanda nyale
kulowera kwa mavenda a pa Chamama.
Atatu anali anga.
Fizi ya Fomu Wanu inachokera pamenepo,
ndipo mwini wake wa fiziyo ndi uyu
akutseka botolo, akulemba deti pa chivindikiro.

Ndinafuna kufunsa: kodi kachilombo kaja
kangathe kumva fungo n'kulisiya tsamba chipindire?
Kunyanja kwanuko munapezako kamodzi
komwe kanakhala mpaka tsiku la maliro,
kanagwira nawo khasu, kanasesa?

Ndangoti, samala, pali misundu pamenepo.

Wakweza botolo kudzuwa.
Madzi obiriwira, odekha, ngati opanda mlandu.
Akuti, taonani, Ababa, momwemu muli mudzi wathunthu,
ena akudyetsana,
ena ayambapo kale.

Tabwerera njira yodzera kumanda a esiteti,
pomwe mtanda wa simenti wapendekeka
ndipo dzina ladyedwa theka ndi mvula.
Iye patsogolo, timabotolo tikugundana m'chikwama,
ine pambuyo, nsapato zake zili m'manja mwanga.